Nsapato ya Aphrodite ndi chikande cha m'dambo mwathu

Mphwanga amene akuphunzira za nkhalango anabwera kumudzi kuno ku Dedza patchuthi cha Khirisimasi atanyamula kope lodzaza ndi maina a zomera a m'Chilatini, ndipo madzulo aliwonse ankakhala pakhonde n'kumawabwereza mokweza ngati mwana wa m'kalasi ya ubatizo amene akuloweza katekisimu. Tsiku lina atatopa anatseka kope lija n'kunena kuti, "Amalume, maina awa alibe tanthauzo lililonse, ndi ongoloweza kuti munthu ukhoze mayeso basi." Mawu amenewa anandikhudza kwambiri, chifukwa inenso ndinaphunzitsidwa motero ndili mnyamata, ndipo panapita zaka zambiri ndisanazindikire kuti dzina lililonse la m'kope lotere linaperekedwa ndi munthu, pa tsiku lodziwika, ali ndi chifukwa chake.

Ife Achewa ndi Angoni sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi. Tikamva kuti mwana dzina lake ndi Mavuto kapena Maliro, timadziwa kuti pamene ankabadwa pakhomopo panali nkhani, ndipo tikafunsa akuluakulu amatifotokozera. Maina a zomera amene akatswiri amagwiritsa ntchito ali chimodzimodzi. M'kati mwake muli zimene wotchayo anaona, zimene ankakhulupirira, anthu amene ankafuna kuwalemekeza, ndipo nthawi zina mulinso zolakwitsa zake. Maganizo anga ndi akuti ana athu aziphunzitsidwa kumasulira maina amenewa m'chilankhulo chawo, chifukwa munthu amene wadziwa kumene dzina linachokera amasiya kuliopa, komanso amasiya kuliona ngati loposa dzina limene agogo ake amatchula.

Chitsanzo chimene ndinamusankhira mphwangayo ndi cha maluwa amene samera kuno. Ndi gulu lina la maluwa a mtundu wa orchid limene Azungu amalitcha dzina lotanthauza nsapato ya mkazi, ndipo limapezeka ku Ulaya, ku Asia ndi ku America, koma mu Africa monse mulibe ngakhale mtundu umodzi womera wokha m'tchire. Duwa lake munthu sangalisokoneze ndi lina. Tsamba limodzi la duwalo, la m'munsi, limafufuma n'kukhala ngati kathumba kotsegula pamwamba, kosalala ndiponso konyezimira ngati kopakidwa mafuta, ndipo masamba ena awiri amatambasukira uku ndi uku, pamene lina limaima pamwamba ngati denga. Kathumbako sikokongoletsa chabe. Njuchi kapena ntchentche imabwera itakopeka ndi fungo ndi maonekedwe, imaterereka n'kugwera m'kati, ndipo poti m'mphepete mwa kathumbako ndi mopindikira m'kati komanso moterera, singatulukire pamene inalowera. Imakwera njira yopapatiza ya kumbuyo, imayamba yakhudza mbali yachikazi ya duwa n'kusiyapo mungu umene yabwera nawo, kenako imadzipanikiza pa kabowo kotulukira pamene mungu watsopano umamatirira pamsana pake. Kawirikawiri kachilomboko kamatuluka kopanda chilichonse chimene kapindula, chifukwa mitundu yambiri ya maluwa amenewa ilibe timadzi totsekemera.

Titaonetsa amayi anga chithunzi cha duwali pa foni, iwo anachiyang'anitsitsa atachitalikitsa pang'ono ndi maso, kenako anati, "Aka ndi kachikho kotungira madzi mumtsuko." Mphwanga anaseka n'kuwauza kuti, "Iyayi agogo, eni ake amati ndi nsapato." Amayi sanasinthe maganizo, ndipo ine sindinaone chifukwa choti asinthire. Munthu amatcha chinthu chachilendo potengera chimene dzanja lake linazolowera kugwira. Anthu a ku Ulaya anaona nsapato, mitundu ina ya anthu oyamba kukhala ku North America inaonamo nsapato zawo zachikopa zofewa, ndipo mayi amene wakula akutunga madzi ndi chikho anaona chikho. Palibe mwa anthu amenewa amene anaona molakwika.

Ku Ulaya, sayansi ya maina isanakhazikike, duwa lachikasu la mtundu umenewu linkatchedwa nsapato ya Maria, mayi wa Yesu, ndipo olemba mabuku a zomera a nthawi imeneyo ankalilemba m'Chilatini kuti *Calceolus Mariae* kapena *Calceolus Marianus*. Liwu lakuti *calceolus* limatanthauza kansapato. Akhristu a ku Bembeke kapena a ku Mua sangadabwe ndi zimenezi, chifukwa amadziwa mmene anthu opemphera amaperekera kwa Amayi Maria chilichonse chokongola chimene achiona. Kenako kunabwera Carl Linnaeus wa ku Sweden, mwana wa m'busa wa mpingo wa Lutheran, amene anabadwa m'chaka cha 1707 ndipo anamwalira mu 1778. Buku lake la *Species Plantarum*, lotuluka mu 1753, ndi limene akatswiri a zomera anagwirizana kuti likhale poyambira pa maina onse a mawu awiri amene tikugwiritsa ntchito lero, liwu loyamba lotchula banja laling'ono la chomeracho ndipo lachiwiri lotchula mtundu wake weniweni. Linnaeus ankakana zoti mabanja a zomera azitchedwa maina a oyera mtima, koma maina a milungu ya m'nthano zakale za Agiriki ndi Aroma ankawalola. Motero nsapato ija inachoka kuphazi la Maria n'kupita kuphazi la Aphrodite, mulungu wamkazi wa chikondi, amene Aroma ankamutcha Venus.

Dzina limene anapereka ndi *Cypripedium*. Mbali yoyamba ikuchokera ku *Kypris*, dzina lina la Aphrodite lotanthauza mkazi wa ku Cyprus, chifukwa nthano za Agiriki zimati iye anabadwa kuchokera m'thovu la nyanja n'kutulukira pagombe la chilumba chimenecho. Mbali yachiwiri anaitenga ku liwu la Chigiriki lakuti *pedilon*, limene limatanthauza nsapato yomanga ndi zingwe, yofanana kwambiri ndi nkhwaira zimene abambo athu ankadula ku matayala akale. Dzina lakale lija sanalitaye lonse, chifukwa analisunga ngati liwu lachiwiri, ndipo duwa la ku Ulaya lija mpaka lero ndi *Cypripedium calceolus*. Mphwanga atamva zimenezi anawerenga dzinalo pang'onopang'ono n'kuzindikira yekha kuti nsapato yatchulidwamo kawiri, koyamba m'Chigiriki ndipo kachiwiri m'Chilatini, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanafunikenso kuliloweza.

Pali chinthu china chimene ndimafuna kuti wophunzira aliyense achimve, ndicho chakuti katswiri wamkuluyu analakwitsa kalembedwe. Dzina lochokera ku *pedilon* linayenera kuthera ndi *pedilum*, koma iye analemba *pedium*, ndipo m'Chigiriki liwu loyandikana ndi limeneli, *pedion*, limatanthauza chigwa kapena malo athyathyathya, osati nsapato. Akatswiri a m'zaka za m'ma 1800 anaona cholakwikachi, ndipo mmodzi wa iwo, Paul Ascherson wa ku Germany, anayesa kukonza polemba kuti *Cypripedilum*, koma kukonzako sikunakhazikike. Malamulo a maina a zomera amati dzina lisungidwe monga mmene mwini wake analilembera poyamba, pokhapokha ngati pali zifukwa zapadera zimene malamulowo amazitchula. Lero m'mayunivesite onse a padziko lapansi, kuyambira ku Uppsala kumene Linnaeus ankaphunzitsa mpaka ku Zomba, anthu ophunzira kwambiri akulemba dzina lokhala ndi chilema chimenechi, ndipo akudziwa kuti chilipo.

Maluwa ofanana ndi amenewa atayamba kufika ku Ulaya kuchokera ku India, ku Borneo ndi ku maiko ena otentha a ku Asia, poyamba ankangowaika m'banja lomwelo. Mu 1886 Ernst Pfitzer, amene ankaphunzitsa ku Heidelberg m'dziko la Germany, anawapatula n'kuwapatsa dzina lakuti *Paphiopedilum*. Iye sanachoke pachilumba chija, koma anatenga dzina la Paphos, mzinda wa ku Cyprus kumene kunali kachisi wotchuka wa Aphrodite, ndipo mbali ya nsapato ija anailemba molondola. Tikamasulira, maina awiriwa akunena chinthu chimodzi, nsapato ya mkazi wa ku Cyprus ndi nsapato ya mkazi wa ku Paphos, koma lina linalembedwa mokhota ndipo lina moongoka. Mabanja ena atatu otsala a gulu la maluwa a nsapatoli anatsatira kalembedwe ka Linnaeus. *Selenipedium*, limene Heinrich Gustav Reichenbach anatcha mu 1854, likuchokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza mwezi. *Phragmipedium*, la Robert Allen Rolfe wa ku malo ofufuzirako zomera a Kew ku London mu 1896, likuchokera ku liwu lotanthauza mpanda kapena chipupa chogawa nyumba, chifukwa malo osungira njere m'duwalo ndi ogawika zipinda zitatu. *Mexipedium*, la mu 1992, likungotchula dziko la Mexico, kumene mtundu wake umodzi wokhawo unapezeka m'matanthwe a ku Oaxaca.

Wina angafunse kuti, ngati dzina lili ndi cholakwika chodziwika, ndipo likutamanda mulungu wa anthu ena amene maluwa a ku Borneo sanamudziwepo, tikulisungiranji? Ine ndili kumbali ya olisunga, ndipo chifukwa changa ndachiona pa msika wa Lizulu. Chinthu chimodzi chomwecho wina amati kachewere, wina amati mbatatesi, ndipo ogula ochokera kutali amasokonezeka mpaka ataloza ndi chala. Pa mbatata palibe choopsa, koma pa mankhwala azitsamba, pamene dzina limodzi limatha kutchula mitengo iwiri yosiyana m'maboma awiri oyandikana, kusokoneza kumatha kupha munthu. Dzina la sayansi ntchito yake yaikulu ndi yakuti likhale limodzi padziko lonse ndipo lisamasinthesinthe. Pangano la maiko loteteza zomera ndi nyama pa malonda, lotchedwa CITES, limene linayamba kugwira ntchito mu 1975 ndipo dziko la Malawi linalowamo mu 1982, linaika mitundu yonse ya *Paphiopedilum* ndi *Phragmipedium* pa mndandanda wake woyamba, umene umaletsa malonda a pakati pa maiko a zomera zozulidwa kutchire. Wogwira ntchito pa chipata cha dziko, kaya pa Dedza kaya pa bwalo la ndege la ku Bangkok, amafunika dzina limodzi losatsutsika kuti agwire wozembetsa. Chilembo chimodzi chimene Linnaeus anaphonya sichipweteka munthu, koma kusintha maina nthawi iliyonse imene wina wapeza chilema kungasokoneze mabuku, malamulo ndi zolemba za zaka zoposa 270.

Komabe sindingabise kuti lamulo lakuti woyamba kusindikiza dzina ndiye mwini dzina limabala zowawa. Mu 2002 munthu wina wa ku America wotchedwa Kovach anagula m'mphepete mwa msewu kumpoto kwa Peru duwa la *Phragmipedium* lalikulu modabwitsa, lofiirira, limene akatswiri anali asanalilembepo. Analitengera ku Florida popanda zilolezo zoyenera, ndipo akatswiri a kumeneko anafulumira kusindikiza dzina lakuti *Phragmipedium kovachii*, n'kupitirira katswiri wina amene ankakonza zolitcha *peruvianum* polemekeza dziko limene duwalo limamera. Nkhaniyi inafika kukhoti ndipo olakwa analipitsidwa, koma dzina linakhala lomwelo mpaka lero, pamene malo ena amene duwali linkamera anakumbidwa mpaka kutheratu. Mlimi amene ankaligulitsa pamsewu uja, amene analidziwa duwali Azungu asanalione, dzina la chomeracho silimukumbukira n'komwe. Zofananazo zinachitikira *Paphiopedilum vietnamense*, limene linalembedwa mu 1999 ndipo patangopita zaka zochepa linali litatsala pang'ono kutheratu m'mapiri a kwawo. Ngakhale ku England komwe, *Cypripedium calceolus* uja anazulidwa ndi okonda maluwa mpaka mu 1917 anthu anaganiza kuti watha, ndipo mu 1930 anapezanso tsinde limodzi lokha m'mapiri a ku Yorkshire, limene akhala akulilondera kwa zaka zambiri pamene akatswiri a ku Kew akuyesetsa kumeretsa ena kuchokera ku njere zake.

Nkhani ya mlimi wa ku Peru uja si yachilendo kwa ife. Mapiri amene amayambira ku Ntcheu kulowera kumwera amalembedwa pa mapu kuti Kirk Range, potengera John Kirk, dokotala ndi katswiri wa zomera amene anayenda ndi David Livingstone, ndipo msuku umene ana athu amatola zipatso zake m'nkhalango za kuno nthawi ya dzinja ikamayamba umatchedwa *Uapaca kirkiana* polemekeza munthu yemweyo. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, ndi *Widdringtonia whytei*, ndipo m'dzinamo muli Azungu awiri, wachiwiriyo ndi Alexander Whyte amene ankagwira ntchito m'boma la atsamunda ku Zomba. Anthu amene anawaperekeza m'mapiri, amene anakwera mitengo kukathyola nthambi ndi kuwauza ntchito ya chomera chilichonse, sanalembedwe paliponse. Ndikamva achinyamata ena akunena mokwiya kuti maina onsewa ndi a chitsamunda ndipo afufutidwe, ndimamvetsa kumene mkwiyo wawo ukuchokera, ndipo sindiwanena kuti ndi opanda nzeru.

Ndimasiyana nawo pa njira yake. Dzina lonyoza anthu ndi losiyana ndi dzina longokumbutsa mbiri yowawa. Mu Julaye 2024 msonkhano waukulu wa akatswiri a zomera umene unachitikira ku Madrid unavomereza kuchotsa m'maina a zomera zoposa 200 liwu lina limene linachokera ku mawu otukwana anthu akuda kumwera kwa Africa, ndipo pamenepo anachita bwino, chifukwa palibe wophunzira wa ku Africa amene ayenera kukakamizidwa kulemba chitonzo cha mtundu wake kuti akhoze mayeso. Koma dzina ngati *kirkiana* ndi umboni. Limauza mwana wa ku Tsangano kuti panali nthawi imene mlendo ankabwera, kuthyola nthambi ya mtengo wa makolo ake, n'kukailembetsa ku Ulaya m'dzina lake. Tikalifufuta, mbiriyo siisintha, koma mwanayo amataya pofunsira. Chimene chikufunika ndi chakuti mphunzitsi asamangolemba dzinalo pa bolodi, koma anene kuti Kirk anali yani, anadutsa kuti, ndipo mtengowo eni ake ankautcha chiyani iye asanabadwe.

Ndiponso khomo silinatsekedwe. Malamulo a maina salamula kuti liwu lichokere ku Chigiriki kapena ku Chilatini kokha, koma amalola liwu la chilankhulo chilichonse. Liwu loyamba la dzina la msuku lija, *Uapaca*, linachokera ku chilankhulo cha anthu a ku Madagascar. Akatswiri a nsomba za m'nyanja yathu anatcha mabanja awiri a nsomba kuti *Mchenga* mu 2006 ndi *Chindongo* mu 2016, mawu ochokera pakamwa pa anthu a m'mphepete mwa nyanja, ndipo lero katswiri wa ku Japan kapena wa ku Germany amayenera kuphunzira kuwatchula monga mmene mphwanga akuvutikira ndi *Paphiopedilum*. Pakati pa maluwa a orchid a kuno pali *Disa zombica*, limene dzina lake likutchula phiri la Zomba. Chimene chikutichedwetsa si lamulo, koma kuchepa kwa ana athu amene amafika pa msinkhu wofufuza chomera, kuchiyerekeza ndi zinzake ndi kusindikiza dzina lake, ndipo mwana amene anauzidwa kuti maina ndi ongoloweza sangalote n'komwe zodzatcha dzina tsiku lina.

Tsopano ndifike pa chimene chimandipweteka mtima kwenikweni. Dziko la Malawi lili ndi mitundu ya orchid yoposa 400, ndipo pafupifupi 200 mwa imeneyi imapezeka ku Nyika. Ambiri a ife timaidziwa mitundu ina ya maluwa amenewa, koma timaidziwira m'mbale, chifukwa chikande chimene timadya chimachokera ku timbatata ta pansi pa maluwa a m'mabanja a *Disa*, *Satyrium* ndi *Habenaria*. Ndikukumbukira amayi akubwera kuchokera kudambo ndi timbatata timeneti m'kansengwa, akutitsuka matope akuda, akutisinja mumtondo, kenako akutiphika ndi madzi a chidulo uku akutakasa mpaka phalalo litalimba. Likazizira limagwirana n'kumaoneka ngati chiwindi, ndipo ankalidula timagawo n'kutiphika ndi nsinjiro, n'kukhala ndiwo imene mlendo ankaiyesa nyama. Kumpoto amati chinaka, ku Zambia amati chikanda, ndipo kuno timati chikande. Mphwanga atamva kuti ndiwo imeneyi ndi mbale wake wa nsapato ya Aphrodite ija, anakhala chete kanthawi, chifukwa m'kope lake munali dzina la *Satyrium* koma palibe amene anamuuza kuti wakhala akulidya kuyambira ali mwana.

Ngakhale liwu lakuti orchid lenilenilo linachokera pa timbatata timeneti. Agiriki akale atakumba chomera cha mtundu umenewu anapeza timbatata tiwiri togundizana, ndipo anachitcha *orchis*, liwu lotchula ziwalo ziwiri za mwamuna zimene mwaulemu sitizitchula pagulu. Mayi aliyense amene anakumbapo chikande amatidziwa timbatata tiwiri timeneti. Kamodzi kamakhala kofota, kamene chomera chadya chaka chino, ndipo kena kamakhala kolimba ndi kodzaza, kamene kasungidwira chaka chamawa. Wokumba amatenga kolimbako, ndipo akatero chomeracho sichidzaphukanso. Njere za orchid ndi zazing'ono ngati fumbi, zilibe chakudya cha mwana wa chomera m'kati mwake, ndipo sizimera pokhapokha zitakumana m'nthaka ndi timizu ta mtundu wina wa bowa timene timazidyetsa. N'chifukwa chake dambo likalimidwa kukhala dimba la kabichi kapena la kachewere, chikande sichibwereranso msanga ngakhale dimbalo litagonekedwa. Kumwera kwa Tanzania ofufuza anapeza kuti timbatata toposa 2 miliyoni tinkatumizidwa ku Zambia chaka chilichonse, ndipo chimenechi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene boma la dzikolo linakhazikitsira malo otetezedwa a Kitulo mu 2005. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo amayi amene kale ankakumba kuseri kwa mudzi lero amanena kuti okumba amayenda ulendo wautali asanadzaze kansengwa.

Sindikuloza chala amayi okumba chikande, chifukwa ambiri a iwo amatero kuti apeze ya mchere ndi ya sopo, ndiponso ndi iwo amene amachidziwa chomerachi kuposa wina aliyense. Amayi anga amasiyanitsa mitundu yake poyang'ana tsamba, malo amene chamera, ndi mmene kambatata kamanandira akakadula ndi chikhadabo, ndipo amadziwa kamene kamagwira bwino mumphika ndi kamene kamangosungunuka. Nzeru zimenezi ndi zofanana ndi zimene Pfitzer anagwiritsa ntchito popatula maluwa a ku Asia kwa a ku Ulaya, zoyang'anitsitsa ndi kusiyanitsa zinthu zimene wongodutsa amati ndi chimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti za Pfitzer zinasindikizidwa ndipo patatha zaka zoposa 130 tikuziwerengabe, pamene za amayi zili m'mutu mwa munthu wokalamba amene maso ake ayamba kuchita mdima. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma pa nkhani iyi dambo lenilenilo ndi akuluakuluwo zikutha nthawi imodzi, ndipo ngati maina ndi zizindikiro zimene iwo amadziwa sizilembedwa tsopano, adzukulu athu adzatsala ndi *Satyrium* yekha, dzina lochokera ku zilombo za m'nthano za Agiriki, popanda liwu limodzi la kwawo loika pambali pake.

Pempho langa kwa aphunzitsi a sayansi m'sukulu za sekondale ndi m'makoleji ndi lakuti dzina lililonse la Chilatini limene alemba pa bolodi alimasulire, ndipo achite zimenezi m'Chichewa ngati ndicho chimene ana akumva bwino. Sizitenga nthawi yaitali kunena kuti *Habenaria* likuchokera ku liwu lotanthauza chingwe chowongolera hatchi, chifukwa cha tizigawo ta duwalo totalika ngati zingwe, ndipo mwana amene wamva zimenezi akapita kudambo amayamba kufunafuna zingwezo ndi maso ake. Ku Zomba kuli malo a boma osungirako zitsanzo za zomera zouma, a National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, ndipo chitsanzo chilichonse chimakhala ndi kapepala kolembapo dzina, malo ndi tsiku limene chinatengedwa. Ndikanakonda kuti wophunzira aliyense wa zankhalango kapena zaulimi, asanamalize maphunziro ake, apereke kumeneko zitsanzo zingapo za kumudzi kwawo zokhala ndi dzina la m'chilankhulo cha kwawo, ntchito ya chomeracho, ndi mawu a mkulu amene wamuuza, mkuluyo atavomera kutchulidwa. Ntchito imeneyi sifuna makina odula, koma kope, pensulo, nyuzipepala zakale zoumitsira masamba, ndi ulemu wokhala pansi pamphasa n'kufunsa.

Tchuthi chisanathe, mvula itagwa masiku atatu motsatizana, mphwanga anapempha agogo ake kuti amuperekeze kudambo la kumunsi kwa mudzi, kumene mbali ina sinalimidwebe. Anayenda pang'onopang'ono chifukwa cha miyendo ya amayi, ndipo ine ndinkawatsatira nditanyamula kampando. Atafika pamalo ena onyowa amayi anaima, analoza ndi ndodo kachomera ka masamba awiri ogona pansi kamene kanali katatulutsa kamtengo ka maluwa, n'kunena kuti, "Usakumbe, mdzukulu wanga, kasiye kabale kaye. Lemba zimene ndikuuze." Mnyamatayo anagwada m'matope, anajambula duwalo ndi foni, kenako anatsegula tsamba latsopano la kope lija n'kuligawa ndi mizere iwiri. Kumanzere analemba mawu a agogo ake monga mmene anawatchulira, pakati anasiya malo a dzina la Chilatini limene akafunse akabwerera kusukulu, ndipo kumanja analemba mutu wakuti tanthauzo.